Mitambo ya Lonjezo

Lonjezo ankasesa m'chigafa pang'onopang'ono, ngati tsache likumulemera. Zinyenyeswa za fodya zinali zitatha kale, koma iye ankangobwereza pamalo amodzimodzi. Ankadikira kuti anthu onse achoke, atsale ndi mchemwali wake Fainala, amene ankakulunga zingwe pakona. Anali ndi funso, ndipo yankho lake ankalidziwa kale. Ankangofuna kulimva kuchokera kwa munthu amene sataya mawu.

Zonse zinayamba fodya atangoyamba kuthyoledwa. Amalume ake, a Esau, anachotsa wailesi imene chaka ndi chaka inkalendewera pamzati wa chigafacho. Amayi osoka fodya anadandaula, poti masana ankamverapo sewero. A Esau anangoitana Lonjezo.

"Ndamva kuti umalemba nkhani m'foni mwakomo. Kuyambira mawa uziwawerengera anthuwa akamasoka."

Lonjezo, amene kusekondale sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa, anavomera pomwepo. Wailesi yomveka dziko lonse, kuchotsedwa kuti ayankhule iye.

Ndipo ankawerengadi. Nkhani zake zinali za mnyamata wofatsa amene ankakhala pachulu n'kumayang'ana mitambo. Mitambo ikabwera, mnyamatayo ankaganiza. Ikapita, ankaganizanso. Munalibe ndewu, munalibe wothawa, munalibe ngakhale wofunsira mbeta. Lonjezo ankanyansidwa ndi nkhani zaphokoso. Kwa iye nkhani yakuya inkayenera kuyenda ngati madzi a padambo, osaoneka kuti akuyenda.

Omvera ake anali aulemu kuposa a m'tchalitchi. Akangoyamba, mitu yonse inkawerama. Panalibe wofunsa, panalibe wotsokomola. Kunkangomveka masingano akuboola masamba, fodya wosokedwa n'kumadzaza pamikangala. Dzuwa lisanapendeke ntchito inkakhala itatha, aliyense n'kudzuka mwakachetechete, ena osatsanzika n'komwe. Lonjezo sankawaimba mlandu. Mawu olemera munthu amafuna akawasinkhesinkhe kunyumba.

Anaphonya kamodzi kokha. Tsiku lina mitambo itamuthera, anatsegula kankhani kopepuka kamene analemba mongocheza. Mkwatibwi anathawa m'mawa wa tsiku la ukwati atakwera kabaza wa chibwenzi chake chakale, ndipo tayala linaphulikira pakhomo penipeni pa apongozi. Lonjezo sanafike nako n'kumapeto komwe. A Malita, wamkulu mwa osokawo, anaponya singano pansi.

"Mwana ameneyo ndi wopanda mwambo."

"Mwambo wanji?" anatero mayi wina. "Inuyo a Malita mukanapeza njinga tsiku lija, bwenzi muli kuno?"

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsewu wa ku Santhe. Ena anaikira kumbuyo mkwatibwi, ena mkwati, ena ankangofuna kudziwa ngati wakabazayo anali ndi pampu. Anakangana mpaka madzulo, fodya ali mbwee pansi, wosasokedwa. A Esau anafika nkhope ili gwa.

"Zimenezo ayi, mphwanga. Mawa ubwerere ku mitambo ija."

Lonjezo anachita manyazi, koma kuyambira tsikulo anawapatsa ulemu wina amalume akewo. Munthu wolekeza pulayimale, koma wodziwa kusiyanitsa mphale ndi gaga.

Pa mkangano wonse uja Fainala yekha ndi amene sanatsegule pakamwa. Masiku a mitambo ndiyenso ankawerama kuposa onse, n'kutsiriza mulu wake patsogolo pa wina aliyense. Lonjezo ankamuyang'ana mozemba. Uyu ndiye anali womvera weniweni.

Tsopano chigafa chinali chitatsala ndi anthu awiri. Lonjezo anatsamiritsa tsache pamzati wopanda wailesi uja, natulutsa foni.

"Achemwali, m'nyuzipepala muli mpikisano wa nkhani umene ukutseka mawa, ndipo akufuna nkhani imodzi basi. Nditumiza ya mitambo. Ya kabaza ija ndiifufuta, ikungodzaza foni." Chala chake chinali kale pamwamba pa nkhaniyo. "Mwa za mitambo zija, inuyo inakugwirani mtima kwambiri ndi iti?"

Fainala anamaliza kukulunga chingwe, nachimanga mfundo, nachiika pambali. Kenako anatembenukira kwa mlongo wakeyo.

"Lonje, wailesi ija amalume anaichotsa chifukwa sewero likakoma manja amaima. Iwe ukayamba za mitambo aliyense amasoka mothamanga kuti athawe, moti chaka chino sanalembenso aganyu owonjezera." Anadzuka n'kusasa chitenje chake. "Koma tandiuza, mkwatibwi uja zinamuthera bwanji pakhomo paja? Chigafa chonse chikudikirabe."