Kompyuta ya Shayla

Mzere unatuluka m'holo ya sukulu ya Cedar Run mpaka kukafika poimika magalimoto, koma Rhonda Pruitt sanadandaule. Mapazi ankamuwawa ndithu, poti ntchito yake inali yonyamula ndi kusambitsa nkhalamba kumalo osamalirako okalamba. Koma lero linali tsiku logawa makompyuta kwa ana a sukulu, ndipo tsikuli analivutikira.

Anali atagwira dzanja la Shayla, mwana wake mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi chimodzi, amene maso ake ankazima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta. Pabolodi sankaonapo kanthu. Buku ankaliyandikitsa mpaka kugunda mphuno. Kompyuta imene ankayembekezera inali yapadera, yokulitsa zilembo ndi kuwerenga mokweza. M'sitolo, mtengo wake unali malipiro a Rhonda a miyezi iwiri.

"Eee, si amayi athu a kampeni awa!" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Apatseni njira, anthuni! Popanda iwowa bwenzi pano tikugawana chiyani?"

"Aa, ndisiyeni ndiime ngati aliyense," anayankha Rhonda, koma mumtima munkakoma.

Kunena zoona, bamboyo sananame. Chaka chatha akuluakulu a sukulu anapempha anthu kuti avote: sukulu ibwereke madola mamiliyoni asanu ndi anayi pogulitsa mabondi, zikalata za ngongole, ndipo ngongoleyo ibwezedwe m'zaka makumi awiri ndi msonkho wa nyumba ndi minda. Tauni inang'ambika pakati. Alimi ankati makompyutawo adzafa pa zaka zisanu, iwo n'kumalipirabe mitembo yake. Rhonda sanamve zimenezo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anagogoda makomo mazana anayi m'chisanu choluma, agalu akumuuwa, ena akumumenyetsera zitseko. Tsiku lowerenga, ovomereza anapambana ndi mavoti 37 okha.

Patsogolo pake pang'ono, munthu wina wamtali anacheuka. Anali a Vernon Oswalt, alandilodi ake akale, amene nthawi ya kampeni anadzaza bwalo lawo ndi zikwangwani zokana. Anali ndi mdzukulu wawo.

"Mayi Pruitt. Mwadzalandira mphatso yanga?"

"Ndadzalandira ya mwana wanga, bambo Oswalt. Nanga inu si munkati izi n'zidole? Mdzukuluyo mwam'bweretseranji?"

"Wolipira ndine. Ndizisiyirenji?"

"Lipirani, muli nazo."

A Oswalt anangoseka chamumtima n'kuyang'ana kutsogolo. Rhonda ankawada bambo amenewa, osabisa. Nthawi ya kampeni anawauza pamaso kuti msonkho wa nyumba ndi wa eni nyumba, a lendi sizikuwakhudza. Iwo sanatsutse. Mu Malichi, pansi pa chitseko panalowa kalata: msonkho wakwera, choncho lendi yakwera ndi madola 140 pamwezi. Rhonda anawonjezera maola a ntchito, anagulitsa wailesi yakanema, anasiya kudya masana. Mu Juni anagonja. Anapeza kanyumba kodontha ka chipinda chimodzi pa msewu wa Tanner womwe ankakhalapo kale, n'kututa katundu ndi manja, osabwereka n'galimoto yomwe.

Zinamuwawa, inde. Koma anadziuza kuti nyumba n'makoma chabe. A Oswalt akhale nayo nyumba yawoyo, aidye ngati imadyedwa. Iye chimene ankamenyera chinali mkati mwa holoyi, ndipo palibe landilodi akanamulanda.

"Amayi, tatsala pang'ono?" anafunsa Shayla.

"Anthu anayi basi, mwanangu."

"Ndiye lero ndiwerenga ndekha? Inu osandiwerengera?"

"Wekha. Ine ndizingomvetsera, miyendo ili pampando."

Patebulo panali mayi Geraldine Stoltz, kalaliki amene anakalambira pasukulupo. Atamuona Rhonda anaimirira n'kumukumbatira.

"Mwana wanga, wafika! Yanuyi ndinaiika padera, ndinati asaikhudze munthu."

Anatulutsa bokosi pansi pa tebulo. Dzina la Shayla linalembedwa pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, kuti mwini wake aliwerenge yekha. Mwanayo anayandikitsa nkhope, n'kuliwerenga chilembo chimodzichimodzi, kenako analikumbatira bokosilo pachifuwa. Rhonda anayang'ana kudenga kuti misozi isagwe pamaso pa a Oswalt.

"Usaine apa," anatero mayi Stoltz. "Undipatsenso bilu ya magetsi yosonyeza kumene mukukhala. Ndi lamulo chabe, aliyense akupereka."

Rhonda anapereka. Mayiwo anayamba kulemba, kenako cholembera chinaima. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anatsegula fayilo ina yakuda n'kuyendetsa chala pamapu.

"Tanner, nambala 218?"

"Eya. Tinasamuka mu Juni, lendi itakwera. Msewu ndi womwe uja, tinangowoloka."

Anthu pamzere anayamba kusuzumira. Mayi Stoltz anatambasula manja awo, n'kuyamba kumasula zala za Shayla pabokosi, chala chimodzichimodzi.

"Amayi, akuitengeranji?"

"Rhonda, undikhululukire," anatero mayi Stoltz motsitsa mawu. "Malire a sukulu yathu amadutsa pakati penipeni pa msewu umenewo. Tsidya lanulo ndi la sukulu ya Pike Hollow, ndiye Shayla salinso mwana wa sukulu ino. Ndipo a Pike Hollow mabondi awo anawakana kawiri konse, moti kumeneko makompyuta kulibe."