Mango Opendekera kwa Alamu

Chiyambire lamulo loti magetsi azipita kwa okhala ndi mitengo okha, owerenga mitengoyo anali mapu ojambulidwa ndi makina a m'mwamba. Tsono mapuwo ankaona masamba basi, tsinde ayi.

Mtengo wa mango wa Nangondo, umene anakwirira patsinde pake michombo ya ana ake onse, unali ndi khalidwe la mwamuna woyendayenda: mizu kwawo, mutu kwa eni. Nthambi zonse zinapendekera pabwalo la alamu ake, a Kamwendo. Choncho a Kamwendo ankamwa madzi a m'firiji, Nangondo akutsokomola ndi utsi wa koloboyi.

"Alamu, kauzeni a ku ofesi kuti mtengowu ndi wanga," anatero Nangondo.

"Ndikauze ndani, mlamu? Makina alibe msuweni. Kwerani kumwambako mukawaonetse michomboyo."

A Kamwendo anaseka mpaka misozi, nakweza wailesi.

M'mawa mwake a Kamwendo atapita kumsika, Nangondo anamanga chitenje m'chiuno, nakwera mumtengo ndi chikwanje. Anasadza nthambi iliyonse yodumpha malire, mpaka mtengo unatsala njoo ngati musi.

Pomwe a Kamwendo ankabwerera, mapu anali ataona kale kuti pabwalo pawo mtengo wasowa. Mlandu wodula unagwera iwo. Magetsi anathima, firiji n'kuyamba kukodza pansi.

"Mfiti iwe! Waononga mango ako omwe! Wapindulanji? Nawenso ukadali mumdima!"

"Ine ndinauzolowera, alamu," anatero Nangondo akupukuta chikwanje. "Kwerani kumwambako mukawauze kuti wadula ndine. Mukatsika, ndikubwerekani machesi."