Mpango wa Agogo

Panali mtsikana wina, mzime m'nyumba mwawo, amene anapeza mwayi wokaphunzira kunja chaka chimodzi. Anthu ake ndimawadziwa mpaka pakhomo pawo, koma mayina sinditchula.

Kudziko ankapitako kunali amayi ake aakulu, amene anachoka kalekale kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Zaka makumi awiri ndi ziwiri osapondanso kwawo. Ngakhale maliro a mayi awo anangowamvera pafoni, mapepala anali asanalongosoke. Komatu ndi iwowa anagona pasimenti kuchipatala masiku asanu ndi anayi pamene mtsikanayu ankabadwa movutikira. Zoterezi ena amaiwala, ine ayi.

Tsiku lonyamuka, mayi ake anamupatsa kaphukusi komata ndi selotepi.

"Umu muli mpango wa malemu agogo ako. Chimwalirire sunaone madzi, fungo lawo likadalimo. Ukaupereke m'manja mwa achemwali anga sabata yoyamba. Maso awo akufa, adokotala ananena. Akufuna akuone akadapenya, poti anthu amati nkhope ya agogo ako inagwera iwe."

"Amayi inu, ndi maola awiri okha pasitima. Ndikangofika, mawa lake ndili komweko."

Sabata yoyamba inathera kulembetsa kusukulu. Yachiwiri, anzake ogona nawo chipinda anapeza matikiti otchipa opita kumzinda wina wa milatho yambiri. Yachitatu anapita kunyanja. Kenako zinangolowa m'magazi: Lachisanu likakwana, kasutikesi kali pakhomo.

Amayi aakulu ankaimba Lachisanu lililonse masana.

"Mwanawe, bedi ndayala. Ndidikire sitima ya nthawi yanji?"

"Amayi aakulu, mabuku andipanikiza. Sabata yamawa ndithu."

"Mabuku akowo ali ndi mateyala eti? Ndikuwamva akugudubuzika pansipo."

Ankaseka onse awiri, foni n'kudula.

Mayi ake atafunsa za phukusi, mtsikana anayankha osaphethira: "Ndinapereka kalekale." Mayiwo atafunsa mkulu wawo, amayi aakulu sanafune kumuyalutsa mwana. Anangoti, "Mwana wakoyu ali ndi mawu okoma," n'kuyamba nkhani ina.

Nyengo yozizira itafika, anzake aja anati tikaone mapiri. Mtsikana posanthula m'sutikesi anapeza kuti alibe chofunda m'khosi. Anayang'ana kaphukusi kaja. Anati ndingobwereka masiku awiri, n'kung'amba selotepi.

"Iii, koma wakukhala!" anatero anzake. "Ima pamenepo tikujambule."

Pobwerera, tiyi anatayikira pampango sitima itagwedeza. Atafika kuhositelo anauponya m'makina ochapira pamodzi ndi masokosi, n'kuthira sopo wonunkhira uja.

Chithunzi cha kumapiri anachiika pagulu la abale la pafoni. Azibale ake anayamikira mapiri. Mayi ake mapiriwo sanawaone n'komwe. Anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, n'kuimba nthawi yomweyo.

"Chili m'khosi mwakocho n'chiyani?"

Mayiwo anakweza mawu.

"Ndakufunsa, iwe. Amayi anga akutani kumapiri?"

Loweruka lotsatira anakwera sitima yekha. Inali sabata ya makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi chifikireni, ndinachita kuwerenga ndi zala. Potsika anaizindikira siteshoni ija: mabenchi obiriwira, wotchi yaikulu pamwamba pa khomo. Anali atadutsapo kanayi popita kunyanja, mutu uli pafoni.

Anakwera masitepe mpaka nsanjika yachitatu, n'kugogoda. Amayi aakulu anatsegula akumwetulira, koma maso awo anali kuyang'ana pakhoma, pambali pa phewa lake.

"Ndiwe? Lankhula ndikumve."

"Ndine, amayi aakulu."

"Wachedwa ndi mwezi umodzi wokha, mwanawe. Mwezi watha ndinkaonabe kachithunzithunzi."

M'kachipinda ka alendo bedi linali loyala, thaulo lopinda bwino pamwamba, masilipasi atsopano pansi, pepala la mtengo likadali pomwepo. Woyandikana nawo nyumba, mayi wina woyendetsa basi, anamunong'oneza pakhonde kuti Loweruka lililonse ankawaperekeza kusiteshoni, kukakhala pabenchi mpaka sitima ya masana itadutsa. "Amati mwina mwana afuna kundidzidzimutsa."

Amayi aakulu anamukhazika pampando, n'kuyamba kumupapasa kumaso ndi zala.

"Chipumichi n'cha agogo ako ndithu. Zinazi ndingokhulupirira anthu."

Kenako anatambasula manja. Mtsikana anaikapo mpango. Amayi aakulu anaukumbatira, n'kukwirira nkhope yonse m'menemo. Anakoka mpweya. Anautembenuza, n'kununkhiza mbali ina. Anafufuza m'mphepete, m'makona onse anayi.

"Unachapa, mwanawe?"

Mtsikana anagwada pansi.

"Basi, dzuka, pansi m'pozizira. Sopo wake ndi wabwino, ndi yemwe ndinkachapira okalamba a kuntchito." Anaupinda mpango pamiyendo. "Tandiuza za kumapiriko. Ine zaka zonsezi ndinkangoti ndidzapita."

Miyezi yotsalayo mtsikana sanapitenso kwina. Loweruka lililonse anali pasitima yomweyo, kukawawerengera makalata ndi kuwadula zikhadabo. Koma maso sanabwerere. Ndikumva kuti mpaka lero mpango uja amausunga kumutu kwa bedi, ndipo m'mawa uliwonse amaununkhiza. Akuti mwina sopo akadzatha mphamvu, amayi awo adzamvekanso.

Phunziro: Ngongole ya phazi imabwezedwa ndi phazi, osati ndi foni. Mapiri ndi milatho mudzazipeza zili pomwepo ngakhale mutachita imvi, koma maso a munthu wokudikirani sadikira. Mukatumidwa kanthu, kaperekeni musanavule nsapato, ndipo phukusi la eni musamasule. Tumizani nkhaniyi kwa ana anu onse ali kutali, makamaka uyo amati "sabata yamawa".