Kakavalo ka malemu Isaiah

A Dyton anali kupesa kakavalo kawo ndi chipeso cha akazi awo pamene dokotala wa ziweto, a Mukupa, anatulukira pa njinga yamoto atanyamula mafomu osinthira dzina la mwini wake.

Kanyamaka kanali ka mng'ono wawo, malemu Isaiah, amene ankasamala akavalo a mzungu wina ku Kabulonga. Kwacha itayamba kusanduka pepala wamba, mzunguyo analongedza n'kumusiyira Isaiah kakavalo kolekeza m'chiuno, pamodzi ndi mapepala ake a zidindo. Isaiah sanakadyerere. Patangotha mwezi anatsikira kuli chete.

Tsiku logawa katundu, abale anachita zimene abale amachita chisoni chikawagwira: anakokolola mipando, wailesi ndi mapoto omwe. A Dyton, pokhala wamkulu, anapatsidwa nyumba ya ku Kalingalinga. Koma iwo sanali munthu wamba. Asanawachotse ntchito ku mafakitale, anamvapo kuti kavalo wamapepala akakula amagula nyumba zitatu. Choncho anauza mlamu wawo Felistus, mkazi wamasiyeyo, kuti atsale nako kanyumba kodonthako, iwo atenga kamwana ka kavalo. Felistus analira mpaka mawu kusasa, koma m'mawa mwake anawaperekeza ku khonsolo kukasayina kuti nyumbayo ikhale yake.

Ku Mtendere, kunyumba kwa a Dyton, kakavaloko kanakhala ngati mlendo wolemekezeka. Ana ankalawirira pamzere wa ufa ndi makuponi m'manja, iko kakudya gaga ndi kaloti. Kankagona pabalaza, ana kukhitchini. Lamlungu lililonse a Dyton ankakaimika pachitseko n'kulemba msinkhu wake ndi khala, ndipo ankalumbira kuti kawonjezera chala chathunthu. Anansi amene ankakatcha mbuzi ya tsitsi, a Dyton anawasunga mayina, kuti tsiku lina asadzawakweze galimoto.

Lero ndiye linali tsiku losintha dzina lija. A Mukupa anayerekeza mawanga a pamphumi ndi zolembedwa pamapepala, anakayasamitsa, anasuzumira m'kamwa nthawi yaitali, kenako anamenya chidindo. Dzina la Isaiah linafafanizidwa. A Dyton anasayina mosafulumira, kuti anansi osuzumira pampanda aone bwinobwino. Mtima wawo unali mbee.

Kenako anakweza mawu, kuti ndi akumpanda omwe amve, n'kufunsa kuti kwatsala miyezi ingati kuti kavaloyu akule n'kuyamba mipikisano.

A Mukupa anavula magalasi, anayang'ana a Dyton, anayang'ananso pepala lija.

"Kukula? Ba Dyton, simunawerenge apa? Aka kanabadwa mu 1965, kali na zaka zopitilila twenty. Mtundu wake ni wamene uyu, siutalika." Anatseka chikwama chawo n'kukwera njinga. "Muzikaphikila vofewa, kavalo uyu ni mudala. Meno yanasila, zasala nkhama chabe."