Timitengo ta a Hilkka

Panali munthu wina kwathu kuno kumpoto kwa Finland, mkulu wa imvi mbuu, dzina lake Pentti. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi. A Pentti anali munthu wabwino, koma makani, eee, musanene! Nyumba yawo ili kutali ndi msewu waukulu. Kamsewu kolowera kumeneko n'kakatali, kokhotakhota, ndipo mbali imodzi kuli ngalande yakuya.

Akazi awo, a Hilkka, anadwala matenda oiwala, mpaka anawatengera ku nyumba yosamalira okalamba m'tauni. Kumeneko namwino akabwera ndi supuni, iwo ankatseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali. Ankadya pokhapokha awadyetse ndi amuna awo. Thupi linali litatha kale, moti a Pentti ankadziwa kuti akajomba, akazi awo agona ndi njala. Masana aliwonse ankakhala atafika.

Paja chisanu chikamayandikira, nthaka isanaume gwa ndi kuzizira, aliyense amakhoma timitengo tofiira m'mbali mwa msewu wake, kuti chipale chofewa, madzi oundana aja ogwa kumwamba ngati ufa, chikakwirira zonse, woyendetsa thirakitala aziona polekezera msewu. Pakhomo pa a Pentti ntchito imeneyi inali ya a Hilkka. Chaka chimenecho timitengoto tinangokhala m'shedi, tili chimangire mmene mwini wake anatisiyira.

Tsiku lina Marjatta, mayi woyandikana nawo nyumba amene amachotsa chipale m'misewu ya anthu ndi thirakitala yake, anaima pakhomo.

"Madala, timitengo tili kuti? Nthaka ikuumatu iyi."

"Msewu uwu ndinalambula ndekha iwe usanabadwe," anatero a Pentti. "Ndikhoza kuyendamo nditatsinzina."

"Bweretsani ndikukhomereni. Si ntchito yothera tsiku."

"Tisiye. Mwini wake adzakhoma akabwera."

Onse awiri ankadziwa kuti a Hilkka sadzabweranso pakhomopo. Marjatta anangomwa khofi amene anamupatsa n'kumapita.

Posakhalitsa chipale chinagwa chosaleka, mphepo n'kuchisalaza. M'mawa a Pentti potuluka anapeza dziko lonse loyera mbee: munda, msewu, ngalande, zonse zofanana. Sanade nkhawa. Anamanga matcheni kumatayala a thirakitala yawo, kutsogolo kwake anaika chikhasu chokankhira chipale, kumbuyo anakoleka makina ochimwazira kutali, ulendo wotsegula msewu unayambika.

Poyamba zinayenda bwino, mpaka ankaimba mluzu. Atafika pokhota, anakhotetsa pamene mtima unawauza kuti msewu uli. Abale, mtima si maso! Tayala lakumbuyo linangoti phwathi m'ngalande, thirakitala n'kupendekeka, makina akumbuyo aja n'kuzika m'chipale. Anaponda moto, matayala anangozungulira pamodzimodzi.

Foni inali m'thumba, koma manyazi anawagwira. Anabwerera kunyumba chipale chikulekeza m'ntchafu, anatenga fosholo, n'kuyamba kukumba okha. Anakumba mpaka msana unakana. Galimoto yawo inali pakhomo, yotsekeredwa, ndipo dzuwa la nyengo imeneyi mukulidziwa, limangosuzumira n'kubwerera.

Kenaka foni inalira. Anali namwino.

"A Pentti, muli kuti? Mayi akukana chakudya. Avala chikhoti, akhala pawindo, akuti akudikira inu."

Makani onse anathera pomwepo. Anamuimbira Marjatta.

"Mwanawe, ndagwera."

"Mwagwera pati?"

"Pokhota paja."

"Munatsinzinadi eti?" Marjatta anayamba kuseka, koma atamva mmene mkuluyo ankapumira analeka. "Khalani m'thirakitala momwemo, musazizidwe. Ndili kutsidya kwa nyanja, koma ndikubwera."

Anafika kutayamba kale kuchita mdima. Anamanga tcheni n'kukoka thirakitala ija. Kenaka anathyola nthambi za paini, n'kumayenda kutsogolo akufufuza m'mbali mwa msewu ndi phazi, akuzika nthambi m'chipale, a Pentti akutsatira pambuyo pa thirakitala yawo ngati mwana wolakwa, akuchotsa chipale. Za timitengo Marjatta sanazitchule n'komwe.

A Pentti anafika m'tauni anthu akulandira chakudya chamadzulo. Mbale ya masana inali itabwerera kukhitchini yosakhudzidwa. A Hilkka anali pawindo pomwepo, atatopa ndi kudikira, maso atalowa. Masiku onse ankaiwala zina zonse, koma nkhope ya amuna awo ayi. Tsiku limenelo anawayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa mwaulemu:

"Bambo, mwamuonako mwamuna wanga? Lero sanabwere."

A Pentti mtima unawawa koopsa. Anakoka mpando, n'kutenga mbale ya msuzi wa nsomba ndi mbatata imene namwino anabweretsa.

"Ndamuona, mayi. Wagwetsera thirakitala m'ngalande. Ndiye wandituma kuti ndidzakudyetseni."

"Kalanga ine! Wavulala?"

"Ayi, ali bwinobwino. Akungochita manyazi."

A Hilkka anapukusa mutu n'kumwetulira.

"Ameneyo samva," anatero. "Koma musamukalipire. Ndi munthu wabwino."

Atatero anatsegula pakamwa. Misozi ili chuchuchu, a Pentti anawadyetsa mpaka mbale inayera.

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi, mumvereni nthaka isanaume. Kulandira thandizo si kutaya amene mumamukonda, ndipo makani anu amakapweteka munthu wosalakwa amene akukudikirani pawindo. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka aja onena kuti "ndichita ndekha", chipale chisanagwe.