Galu Wamkota kwa Dokotala

"Jakisoni mmodzi basi, mayi, apumule," anatero dokotala wa ziweto. "Impso zatha, mano atha."

Mayiwo anayang'ana galu wawo ali thapsa pansi, nthiti zili poyera. Mwana wawo wamwamuna anali atagwedezera kale mutu.

"Wakalamba uyu, amayi. Akungovutika."

Galuyo anadzikoka mpaka pachitseko n'kuyamba kuchikanda ndi mwendo wonjenjemera.

"Mwamumva? Galu wamkota sakandira pachabe. Akuti tizipita kwathu." Mayiwo anamufunditsa galuyo juzi yawo n'kumunyamula, msana ukulira. "Adokotala, tipatseni mankhwala opha ululu. Jakisoni wanuyo sungani."

"Koma amayi..."

Mayiwo anatembenuka n'kumuonetsa mwanayo usinini.

"Inenso mano anatha kalekale. Ndiye iwe, ine undibweretsa liti?"