Njiri Wapolisi ndi Umboni wa Kanyimbi

Padangotero, tili tonse, Njiri analembedwa upolisi chifukwa cha liwiro ndi mano ake otuluka kunja. Anzake atapita kukaphunzira malamulo, iye anakana.

"Malamulo onse ali m'chibonga changachi," ankatero.

Tsiku lina anakumana ndi Kanyimbi akupita kumsika, n'kumumanga pomwepo.

"Ndalakwanji, bwana?"

"Ukayankha kutsogolo. Anthu akuti umanunkha."

Kukhoti woweruza anali Khwangwala, kolala ili mbee pakhosi.

"A Njiri, mwamumanga pa lamulo liti?"

Njiri anatsegula buku lobwereka, koma analigwira chozondotsa. "Gawo... gawo la mphuno, bwana."

Bwalo lonse linafa nalo phwete.

"Nanga umboni uli kuti?" anafunsa Khwangwala. "Ife sitikumva fungo lililonse. Ukasowa, uyu akutuluka, inu muvula chipewa."

Wapolisi mnzake wophunzira anamunong'oneza Njiri kuti lamulo sililola kukakamiza womangidwa kudziperekera umboni, koma iye anamukankhira kumbali. Anagwira Kanyimbi mchira n'kuutukula.

"Iwe, tulutsa umboniwo!"

"Mwapempha nokha, bwana," anatero Kanyimbi, n'kumupopera wonse kumaso.

Woweruza anatulukira pawindo, mlandu n'kuthera pomwepo, ndipo Kanyimbi anapitiriza ulendo wake wakumsika. Apolisi anzake anamulanda Njiri chipewa pochitokosa ndi nsungwi yaitali, poti palibe analimba mtima kumuyandikira. Kunyumba mkazi wake anamutsekera chitseko.

Mpaka lero Njiri akugubudukabe m'matope, koma umboniwo sukuchoka.

Yathera pompa, kaphuleni mbatata zisanapserere.